Ma sekishoni ndi timagulu m'bungwe la anthu a malaibulale, tiziyala bwanji kuti zisafere papepala?

Mlembi_Watsopano analemba:

Moni nonse akuluakulu. Ndabwera ndi nkhani ya bungwe lathu la ogwira ntchito m'malaibulale, dzina sinditchula poti nkhaniyi sinafike ku msonkhano waukulu wa pachaka. Komiti yayikulu yandipatsa ntchito yolemba maganizo a mmene tingakhazikitsire ma sekishoni komanso timagulu ta anthu okonda nkhani imodzi, aja ena amati ma interest group, nde ndikufuna nzeru kwa inu amene munaziwonapo zikuyenda kapena zikugwa.

Mmene zilili panopa ndi chonchi. Bungwe ndi limodzi, komiti imodzi, msonkhano waukulu kamodzi pachaka, basi. Mamembala tilipo mazana ochepa chabe ndipo olipira ndalama ya umembala pa nthawi yake ndi ochepanso kuposa pamenepo. Koma ntchito za anthuwa ndi zosiyana kwambiri, wina ali mu laibulale ya yunivesite mutu wake uli pa ma journal ndi DSpace, sisitimu yosungiramo zolemba za kafukufuku, wina ali pa sukulu ya sekondale akulimbana ndi mabuku osabwezedwa, wina ali mu laibulale ya chipatala, wina ya khothi, wina ya anthu onse kumene kumabwera aliyense kuyambira mwana mpaka nkhalamba. Tikakumana pa konfelensi, oyankhula pafupifupi onse amakhala a ku yunivesite, enawo amangokhala phee kumbuyo kudikira nthawi yoweruka, chaka chinacho sabweranso, ukawakumbutsa za ndalama ya umembala amakufunsa kuti kodi ndikupindula chani.

Nde mapempho abwera ambirimbiri nthawi imodzi. A katalogi, aja olemba mndandanda wa mabuku a mu laibulale, akufuna sekishoni yawo, a masukulu yawo, anyamata ndi atsikana a Koha, sisitimu ya pa kompyuta yoyendetsera laibulale, ali kale ndi gulupu ya pa WhatsApp imene ikuyenda bwino kuposa bungwe lenilenilo ndipo akuti tiwazindikire, ena akuti pakhale ya ongoyamba kumene ntchito, ena ya zosunga zolemba zakale, ena ya kuthandiza owerenga osaona. Zonse pamodzi zapitirira khumi. Ine mtima wanga ukufuna kuti aliyense apeze malo ake chifukwa kutaya anthu mmene tikuwatayiramu kukundipweteka, koma ndikuopa kuti anthu ogwira ntchito modzipereka m'bungwemu ndi omwe aja ochepa, tiwagawa mpaka atopa.

Mafunso anga ndi awa. Tigawe potengera mtundu wa laibulale kapena potengera ntchito imene munthu amagwira? Sekishoni izikhala ndi ndalama zake ndi akaunti yake ku banki? Wapampando wake azikhala mu komiti yayikulu ndi voti? Ndipo anthu akhale angati kuti tinene kuti apa pali gulu ndithu? Ndithandizeni chonde.

AgogoKatalogi anayankha:

A Mlembi, ntchito mwapatsidwayi ndi yabwino koma musathamange nayo. Ine ndakhala m'makomiti a bungwe ngati lanulo mpaka kupuma ntchito, ndipo chimene ndinaona nchakuti kuyambitsa sekishoni sikuvuta ayi. Pa msonkhano anthu amaomba m'manja, kusankha wapampando, wachiwiri wake, mlembi, msungichuma, kujambulitsa chithunzi, kenako zii. Ikafika nthawi ya lipoti chaka chinacho wapampando uja foni sakuyankha. Vuto nlakuti sekishoniyo munailemba mu malamulo oyendetsera bungwe, kuichotsa kukufunika kusintha malamulowo pa msonkhano waukulu, palibe akufuna kuoneka woipa, nde imangokhala choncho. Choipa kwambiri, mpando wake mu komiti yayikulu umawerengedwabe pa chiwerengero cha anthu ofunika kuti mitingi ichitike, mapeto ake komiti yayikulu ikulephera kukumana chifukwa cha mipando ya anthu amene anasiya kalekale kubwera. Izi ndinaziona ndi maso angawa.

Nde choyamba siyanitsani zinthu ziwirizi, musaziike mulingo umodzi. Sekishoni ndi chinthu chokhazikika, chovuta kuyambitsa, chokhala ndi zisankho, bajeti ndi lipoti. Kagulu kakhale kopepuka, kosavuta kuyambitsa komanso kosavuta kutseka, wotsogolera mmodzi kapena awiri basi opanda maudindo ambirimbiri.

Onani mmene amachitira a IFLA, bungwe la malaibulale la dziko lonse lapansi lija linayamba mu 1927 ku Edinburgh, likulu lake lili ku The Hague. Iwo ali ndi ma sekishoni opitirira 40, iliyonse ili ndi komiti yosankhidwa, munthu amakhalamo zaka zinayi ndipo atha kubwereza kamodzi. Koma pambali pake pali ma Special Interest Group, ndipo kagulu koteroko sikaima pakokha, pamafunika sekishoni ina ikavomere kukhala ngati kholo lake. Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha anthu a zachilengedwe, ENSULIB. Anayamba ngati kagulu mu 2009, anagwira ntchito yooneka, mu 2016 anayambitsa mphotho ya Green Library Award, ndipo anadzakhala sekishoni mu 2021. Zaka zoposa khumi akuonetsa kuti anthu alipo ndipo ntchito ilipo. Ku ACRL nakonso, nthambi ya malaibulale a makoleji ndi mayunivesite ya ALA, bungwe la malaibulale la ku America, kagulu kamapatsidwa zaka zitatu kenako kaunikidwe ngati kapitirire kapena ayi. Lamulo la zaka limeneli ndi limene ndikufuna mulitenge, chifukwa kagulu kakatha mphamvu kamatha kokha tsiku lake likakwana, popanda munthu kuimirira pagulu kunena kuti anzathuwa alephera.

Chachiwiri, musakopere mndandanda wa mabungwe akuluakulu. ALA inayamba mu 1876 ku Philadelphia, mamembala ake ndi zikwi makumimakumi, ili ndi antchito olipidwa ku ofesi ku Chicago, koma olo iwowo anaona kuti nthambi zawachulukira. Mu 2020 anaphatikiza zitatu, ALCTS ya ife a katalogi ndi zogula mabuku, LITA ya zamakompyuta ndi LLAMA ya utsogoleri, nkupanga imodzi yotchedwa Core. Chifukwa china chinali chakuti mamembala amachepa, komanso ntchito zitatuzi zinali zitalowana kale, munthu wa katalogi lero tsiku lonse ali pa sisitimu, wa sisitimu naye akuyenera kudziwa MARC, kalembedwe ka katalogi pa kompyuta. Nde ngati iwo akuphatikiza, inu a mazana ochepa mukayambe ndi khumi? Paja amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Pa funso lanu loti mtundu wa laibulale kapena mtundu wa ntchito, ine ndimati ma sekishoni atsate mtundu wa laibulale, chifukwa umenewo susintha msanga ndipo mabwana amene mukakambirane nawo ndi osiyana, a masukulu ali ndi unduna wawo, a mayunivesite ali ndi makhonsolo awo. Atatu kapena anayi akwana. Timagulu tizitsata ntchito ndipo tizidutsa m'ma sekishoni onse, katalogi, Koha, kusunga zakale, zonsezo. Ndikunena izi ine wa katalogi, anzanga aja asapatsidwe sekishoni, ayambe ndi kagulu, akachita maphunziro a RDA, malamulo olembera katalogi, chaka ndi chaka anthu nkumabwera, nkhani ya sekishoni idzabwera yokha. Pepala loyambitsira kagulu likhale tsamba limodzi, dzina, cholinga, zinthu ziwiri zimene achite chaka chino, ndi mayina a mamembala olipira khumi kapena khumi ndi asanu ochokera m'malaibulale osachepera atatu. Mfundo ya malaibulale atatuyi musaisiye, kupanda kutero mudzapeza kagulu konse ndi anthu a ofesi imodzi ndi bwana wawo.

Mayi_wa_pa_Sukulu anayankha:

Agogo mwayankhula zomveka ndipo zambiri ndikugwirizana nazo, koma pali pena pamene ndikufuna tisiyane pang'ono, chifukwa mawu akuti onetsani kaye ntchito kenako tidzakuzindikirani amakomera amene ali kale ndi zipangizo.

Ine ndili mu laibulale ya sukulu, ndekha. Ndikatuluka chitseko chimakhomedwa, ana amabwerera. Mitingi ya pa Zoom ikaikidwa folo koloko isanakwane mkati mwa sabata ine ndili ndi mzere wa ana obweza mabuku, kompyuta ndi imodzi yomweyo ndikubwereketsera, ndipo kuti ndipite ku wekishopu ndiyenera kulemba kalata kwa a hedi amene mwina sanamvepo nkomwe za bungweli. Mnzanga wa ku yunivesite ali ndi intaneti ya ku ofesi, ali ndi omutsalira pa desiki, bwana wake amamuwerengera za bungwe ngati mbali ya ntchito pomukweza. Nde mukatiika pa mpikisano woti amene achite zambiri pa zaka zitatu ndi amene akhale sekishoni, mukudziwa kale opambana. Ife tidzaoneka aulesi pomwe vuto ndi mmene ntchito yathu ilili.

Chifukwa chake a Mlembi, pa funso la voti ine ndikuti eya, ma sekishoni a mtundu wa laibulale aja akhale ndi mpando ndi voti mu komiti yayikulu kuyambira tsiku loyamba, osadikira kuti adzionetse. Pamene pakugawidwa ndalama ndi kukonzedwa pulogalamu ya konfelensi pakhale munthu wonena kuti nanga a masukulu. Nkhani ya mipando yopanda anthu imene agogo anena ndi yoona koma mankhwala ake ndi osavuta, lembani kuti woimira sekishoni akajomba mitingi itatu motsatizana popanda chifukwa mpando wake suwerengedwa mpaka sekishoni itumize wina. Osati kuwamana mpando onse chifukwa cha mmodzi.

Komanso tizikumbukira kuti anthu akaona kuti sakumvedwa sakhala kudikira, amachoka. Special Libraries Association inayamba mu 1909, John Cotton Dana ndi anzake ataona kuti zosowa za malaibulale a makampani ndi maofesi sizikupeza malo okwanira, anapanga bungwe lawolawo. Pomwe a masukulu ku America anakhala mkati, AASL inakhala nthambi yokhazikika ya ALA mu 1951 ndipo ilipo mpaka lero. Bungwe laling'ono likagawanika pawiri onse awiri amafooka, boma likafuna kumva maganizo a anthu a malaibulale silidziwa kuti liitane ndani.

Chinanso chimene sichinatchulidwe, m'malaibulale ambiri a sukulu amene akugwira ntchito si anthu a digiri ya zamalaibulale, ndi aphunzitsi amene anangopatsidwa makiyi, kapena othandizira a satifiketi. Ngati malamulo anu akuti wotsogolera sekishoni akhale membala wa digiri, ndekuti sekishoni ya masukulu idzatsogoleredwa ndi mphunzitsi wa ku yunivesite amene amaphunzitsa za malaibulale a sukulu koma sanakhalepo ndi kalasi ya ana makumi asanu ndi limodzi ikulowa nthawi imodzi kufuna buku limodzi lomwelo. Ndimawalemekeza, atithandize ndi kafukufuku, atithandize kumasulira chikalata cha IFLA ndi UNESCO cha 1999 chija cha malaibulale a sukulu kuti tikachionetse kwa akuluakulu a maphunziro, koma mpando ukhale wa munthu amene ali pa ntchitoyo. Ndipo pa konfelensi tipatseni maola athu enieni, osati mphindi makumi awiri tsiku lomaliza anthu atanyamula kale zikwama.

Msungichuma_Wakale anayankha:

Ine ndingolowa pa ndalama poti ndi pamene ndinakhalapo, ndipo ndi pamene mabungwe ambiri amayambanirana. A Mlembi, akaunti ikhale imodzi. Ndibwereze, imodzi. Bungwe lolembetsedwa mwalamulo ndi limodzi, odita akabwera amafunsa msungichuma wa bungwe osati wa sekishoni, ndipo ndalama ikasowa ku sekishoni amene akayankhe ndi komiti yayikulu. Akaunti iliyonse yoonjezera ili ndi ndalama zimene banki imadula mwezi ndi mwezi, ili ndi osayinira ake amene amasintha ntchito, kusamuka, ena kumwalira, nde mumapezeka kuti muli ndi ndalama ku banki zimene palibe angazitulutse chifukwa osayinira awiri mwa atatu sakupezeka, kuti mukonze zimenezo makalata ake mpaka mutatopa.

Koma akaunti imodzi sikutanthauza kuti ndalama za sekishoni zizimezedwa ayi, apa ndi pamene ma komiti akuluakulu amalakwira anthu. Mu buku la ndalama sekishoni iliyonse ikhale ndi mzere wake, ndipo miyezi itatu iliyonse msungichuma atumize kapepala koonetsa kuti munalowetsa zakuti, mwagwiritsa zakuti, zatsala zakuti. Kagulu ka Koha kakachititsa maphunziro anthu nkulipira, phindu lisangolowa mu thumba lalikulu nkukalipirira mayendedwe a komiti yayikulu, anyamatawa sadzachititsanso. Gwirizanani kagawidwe nkukalemba zisanachitike, mwachitsanzo gawo lalikulu litsale pa mzere wa kagulu, gawo lochepa lipite ku bungwe poti dzina, satifiketi ndi akaunti ndi za bungwe. Ndipo ndalama zotsala pakutha pa chaka zisafufutidwe, chifukwa mukatero anthu amathamangira kuzimwaza mwezi womaliza pa zinthu zopanda pake.

Za kulipiritsa umembala wa sekishoni padera, ku ALA amatero, umalipira ya bungwe kenako ya nthambi pamwamba. Kwa bungwe laling'ono ine sindikulangiza. Anthu akuvutika kale kulipira imodzi, mukaonjezera yachiwiri a masukulu amene mayi akunena aja ndi amene ayambe kugwa. Bola pa fomu ya umembala munthu azichonga sekishoni imodzi imene akavotereko, timagulu alowe mmene angafunire mwaulere. Sekishoni imodzi yokha pa voti, kupanda kutero munthu mmodzi adzavota kanayi. Kagawidwe ka bajeti musatengere kuchuluka kwa mamembala kokha, chifukwa olemera adzalemerabe. Pakhale kandalama kofanana kwa sekishoni iliyonse koyendetsera zinthu, kenako zina azipempha ndi pulani yolembedwa.

Pali zinthu ziwiri zimene kagulu kapena sekishoni isachite payokha, kusayina mgwirizano ndi opereka thandizo, ndi kuyankhula kwa atolankhani kapena boma m'dzina la bungwe. Tinene kuti kagulu ka owerenga osaona kakufuna kukankha boma pa Pangano la Marrakesh lija la 2013, limene limalola kusandutsa mabuku kukhala a braille kapena omvetsera popanda kupempha kaye chilolezo kwa mwini buku. Ntchito yabwino kwambiri, ndipo iwowo ndi amene akuidziwa, alembe ndi iwo. Koma kalata ituluke ndi siginecha ya pulezidenti wa bungwe, chifukwa tsiku lina kagulu kena kadzalemba zosemphana nazo pa nkhani yomweyo ya umwini wa mabuku ndipo a boma adzakufunsani kuti bungwe lanu likuti chani kwenikweni. Nayo komiti yayikulu ipatsidwe malire, ikalandira kalata yotere iyankhe pasanathe masabata awiri, isakhalire zinthu za anthu.

Chomaliza, musasakanize ma sekishoni ndi nthambi za m'zigawo. LIASA ya ku South Africa, imene inayamba mu 1997, ili ndi zonse ziwiri, nthambi za m'madera ndi timagulu ta ntchito, CILIP ya ku Britain chimodzimodzi. Koma zimenezo zimafuna anthu ambiri. Mukayamba zonse nthawi imodzi munthu yemweyo adzakhala mlembi wa nthambi, wapampando wa sekishoni komanso wotsogolera kagulu. Ikani lamulo loti udindo ndi umodzi pa munthu.

Mnyamata_wa_Koha anayankha:

Ine ndili mu gulupu yonga imene a Mlembi akunenayo, ya bungwe lina koma nkhani yake ndi yomweyo, nde ndiyankhuleko mbali ya ife amene mukufuna kutizindikira. Chonde musatiphe ndi mafomu. Gulupu yathu imayenda chifukwa munthu akaika funso usiku kuti sisitimu yakana kutulutsa lipoti la mabuku ochedwa, kapena zosaka sizikuonetsa mabuku amene walowetsa lero, pasanathe ola wina wamuyankha kuti yambitsanso Zebra, pulogalamu yosakira mu Koha, wina watumiza chithunzi cha pamene akadine. Palibe wapampando, palibe ajenda, palibe maminitsi. Mukabwera ndi zoti tizikumana kanayi pachaka ndi maminitsi osayinidwa, anthu amene amayankha mafunso aja si anthu a mitingi, adzangokhala chete ndipo otsala adzakhala okonda maudindo.

Chimene timafuna ku bungwe ndi chochepa. Dzina la bungwe pa kalata yoitanira anthu ku maphunziro kuti mabwana awalole kubwera, satifiketi yokhala ndi chidindo, malo pa konfelensi oti tikhale ndi malaputopu nkuchita zinthu ndi manja osati kuwerengerana mapepala, ndi tsamba pa webusaiti loti tiziikapo mayankho a mafunso obwerezabwereza chifukwa pa WhatsApp zinthu zimakwiririka. Lipoti la tsamba limodzi pachaka tilemba, limenelo palibe vuto.

Pamene ndikuona kuti pavuta ndi pa anthu osakhala mamembala. Mu gulupu yathu muli anyamata a IT amene si a laibulale nkomwe ndipo sadzalipira umembala, koma seva ikagwa ndi iwowo amatidzutsa. Koha yomweyo inayambira ku New Zealand cha mu 2000 ndipo yakula chifukwa aliyense amaloledwa kuthandiza. Nde lembani kuti zokambirana za kagulu ndi zotsegukira aliyense, koma kutsogolera, kuvota ndi kuchotseredwa mtengo pa maphunziro ndi za mamembala olipira. Mukatero gulupu imasanduka khomo lolowera m'bungwe, ine ndemwe ndinalowa choncho.

Za ongoyamba kumene ntchito ndikupempha kuti kagulu kameneko kakhalepo ndithu. IFLA ili nako kuyambira 2004, New Professionals, pansi pa sekishoni yoona za kayendetsedwe ka mabungwe a malaibulale. Koma kamafuna diso chifukwa anthu ake amakula nkutulukamo, nde otsogolera akhale awiri olowa zaka zosiyana, wina akamatuluka wina watsala akudziwa zinthu. Ndipo ma password a imelo, a Facebook ndi u admin wa gulupu asakhale ndi munthu mmodzi, mlembi wa bungwe akhale nawonso. Tsamba la kagulu kena linatayika choncho, mwini password anapita kunja kukaphunzira ndipo nambala yake inasintha.

Mlembi_Watsopano anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zambiri. Mmene ndikuonera panopa ndipereka ma sekishoni anayi, a mayunivesite ndi makoleji, a masukulu, a anthu onse, ndi apadera monga a chipatala, khothi ndi maofesi, onse ndi voti monga mayi anenera komanso lamulo la kujomba lija. Ena onse timagulu ta zaka zitatu, akaunti imodzi. Mu malamulo a bungwe ndilembamo njira yokha yoyambitsira ndi kutsekera, mayina a timagulu akhale mu ndondomeko ina imene komiti itha kusintha osadikira msonkhano waukulu. Koma agogo, pa kutseka paja ndikufuna mundimasulire bwino. Zaka zitatu zakwana, kagulu sikanachite kanthu koma wotsogolera akukana, akuti tipatseni mwayi wina. Amene aweruze ndani, ndipo ayang'ane chani kuti zisaoneke ngati kudana ndi munthu?

AgogoKatalogi anayankha:

Musalole kuti ikhale nkhani yoweruza munthu. Lembani kuti kagulu kamatha kokha pa tsiku lake pokhapokha katapempha kupitirira, ndekuti mtolo uli kwa iwo, komiti sikutseka kanthu. Pempholo likhale ndi zinthu zowerengeka zimene aliyense atha kuziona, malipoti a chaka ndi chaka analowa, panachitika chinthu chimodzi pachaka chimene mamembala anaitanidwa, pali mayina atsopano a anthu ofuna kuti kapitirire ofanana ndi chiwerengero choyambitsira chija, ndipo pali munthu wina wokonzeka kutsogolera. Chomalizachi ndi chimene chimaulula zoona. Ngati patatha zaka zitatu palibe wina aliyense wofuna kutenga udindo, kaguluko ndi munthu mmodzi. Mlembi awakumbutse ndi kalata miyezi isanu ndi umodzi tsiku lisanakwane, ndipo sekishoni imene ili kholo lawo ndi imene iyambe kuona pempholo isanalipititse ku komiti yayikulu. Akakanidwa akhale ndi ufulu wokadandaula ku msonkhano waukulu.

Kagulu kena kamatha chifukwa ntchito yake yatheka, monga kokonza ndondomeko inayake kapena kokankha lamulo limene ladutsa, koteroko kathokozedwe pagulu ndi kulembedwa mu lipoti la pachaka. Ndalama zotsala pa mzere wake zibwerere ku sekishoni kholo, mafayilo, zithunzi ndi mndandanda wa anthu zipite kwa mlembi wa bungwe zikasungidwe, chifukwa patapita zaka ena adzafuna kuyambiranso ndipo asadzayambe popanda kalikonse.

Mayi_wa_pa_Sukulu anayankha:

Zili bwino agogo, koma a Mlembi muonjezere mzere umodzi pamenepo. Chinthu chimodzi pachaka chija chisamatanthauze wekishopu ya mu holo yokha. Ngati kagulu ka owerengetsa ana kasinthana mndandanda wa mabuku, kapena kayendera laibulale ya mnzawo Loweruka nkumuthandiza kusanja mashelefu, kapena kachita zokambirana pa foni madzulo anthu ataweruka, zimenezo ziwerengedwe. Mukasiya osalemba, amene adzaunike adzayang'ana zimene anazolowera ku ntchito kwawo. Ndipo mu gulu lounikalo mukhale munthu mmodzi wochokera ku laibulale ya munthu mmodzi ngati yanga. Pepala lanulo likatha litumizeni kwa mamembala mwezi wathunthu msonkhano usanachitike, pa imelo komanso pa WhatsApp, chifukwa ambiri a ife ku msonkhanoko sitidzakwanitsa kufika ndipo tikufuna tiyankhe polemba.